Turbo yafa, m'thumba mulibe zambiri: mugule iti?

Galimoto ya dizilo ikayamba kulira ngati ambulansi pachitunda chochokera ku Luchenza kukwera pa boma la Thyolo, kumbuyo utsi wabuluu uli tolotolo, mwini wake amayambiratu kuwerenga mbuzi za m'khola. Ine zinandigwera ndi Hilux yanga ya injini ya 2KD, nditasenza kabichi ndi mapeyala zopita ku Limbe. Phazi ndaponda mpaka pansi, galimoto osayankha, mpaka mnyamata wa kabaza anandidutsa akundiyang'ana mwachisoni. Panapita miyezi iwiri kuti galimotoyo ibwerere pamsewu bwinobwino, ndipo ndinalipira kawiri chinthu chofunika kulipira kamodzi.

Mitengo sindilemba. Chichokereni pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa sipeya umene mwauzidwa Lolemba umakhala utasintha pofika Lachisanu, ndipo wogulitsa aliyense amangoloza ku dola. Chomwe sichisintha ndi mndandanda wa njira zothanirana ndi turbo yakufa, kuti iti imadula kuposa inzake, ndiponso iti imakubwezani ku galaja msanga.

Yambani mwatsimikiza kuti ndi turbo

Turbo ndi timafani tiwiri tolumikizidwa ndi shafiti imodzi. Utsi wotuluka mu injini umazunguza kafani ka mbali ya ekizozi, ndipo kanzake kamakankhira mpweya wochuluka mu injini kuti dizilo apse bwino. Shafitiyo imatha kuzungulira maulendo oposa 150,000 pa mphindi imodzi, ndipo sikhudza chitsulo ayi, imayandama pa oyilo wochepa kwambiri wochokera mu injini momwemo. Mukagwira mfundo imeneyi, zina zonse zimamveka zokha.

Vuto ndi loti pali matenda angapo otchipa omwe amaoneka ngati turbo yafa. Paipi ya labala yopita ku intercooler (choziziritsira mpweya wochokera ku turbo) ikang'ambika, galimoto imafooka, imatulutsa utsi wakuda ndi kumalira "fyuuu" mukaponda. Filita ya mpweya ikatsekeka ndi fumbi lofiira la m'misewu ya m'maesiteti, turbo imatha kukoka oyilo n'kumaoneka ngati ikudontha. Paipi yobwezera oyilo m'sampu (beseni la oyilo la pansi pa injini) ikapindika kapena kutsekeka, oyilo amasowa kolowera n'kutulukira ku ekizozi, utsi wabuluu n'kubuka pomwe turbo ili bwinobwino. Pa injini monga 1KD ya Toyota, zomwe turbo yake ili ndi timapiko tosuntha m'kati, mwaye umatha kumanga timapikoto, ndipo kungotsegula n'kutsuka kumathetsa nkhani. Nthawi zina ndi kapaipi kakang'ono ka vacuum kapena kamota koyendetsa timapikoto.

Kuyeza kwake sikufuna makina. Injini ili yozima ndi yozizira, makaniko achotse paipi yolowetsa mpweya, agwire nati ya pakati pa kafani ndi zala. Kugwedera pang'ono cham'mbali n'kwachibadwa, bola mapiko asakhudze chikombole chomwe kafani kamazunguliramo. Koma ikamapita mkati ndi kunja, kapena mukaona mapiko akumphuka, kapena chikombole chakalika, pamenepo yafadi. Imani pompo muone ndi maso anu. Osangomva pa foni kuti "bwana, turbo yapita."

Ndipo ikafa, ikani galimoto pansi. Turbo yodontha imathira oyilo mu intercooler, ndipo injini ya dizilo imatha kuyamba kumwa oyilo wakeyo n'kumathamanga yokha, mwazimitsa kiyi koma iyo ikukuwa. Zikatero, pa galimoto ya giya yamanja pondani buleki mwamphamvu, ikani giya yapamwamba, musiye kilatchi kuti izime. Mukachedwa, simugulanso turbo, mugula injini.

Chinaipha n'chiyani?

Apa ndi pomwe ndinaluzira ndalama, ndiye ndikhalapo pang'ono. Turbo kawirikawiri siifa yokha. Imaphedwa ndi kusowa kwa oyilo, oyilo wakuda kapena wachinyengo, fumbi ndi tizinthu tolowa kudzera ku filita yong'ambika, kapena chizolowezi chozimitsa injini ikadali yotentha kwambiri mutangomaliza chitunda. Oyilo wotsalira m'kati amapsa n'kusanduka makala, ndipo makalawo amatseka kapaipi kopyapyala kobweretsa oyilo ku turbo.

Pa injini za Toyota za D-4D, monga 1KD ndi 2KD yangayi, pali kena kodziwika: mawashala a pansi pa mainjekita akatha, utsi umadutsira pamenepo n'kusakanikirana ndi oyilo, makala n'kukatseka kasefa koyamwira oyilo m'sampu. Oyilo amachepa mphamvu pang'onopang'ono, ndipo woyamba kumva njala ndi turbo. Zofananazo zimavutitsa eni Mazda CX-5 ya dizilo ya 2.2, ndipo iyo ili ndi ma turbo awiri, kotero ululu wake ndi wowirikiza. Ine ndinamanga turbo ina osatsitsa sampu. Inakhala masabata atatu.

Makaniko wachiwiri amene ndinapitako, bambo wachikulire wa kufupi ndi Bvumbwe, anatsitsa sampu n'kundionetsa kasefako kali bii ngati mphika wa pamafuwa. Anangoti, "Achimwene, mukanagula khumi, zonse zikanafera pano." Choncho njira iliyonse mwa zili m'munsizi muiwerengere pamodzi ndi ndalama yochizira chomwe chinapha yoyambayo.

Yatsopano yeniyeni

Iyi ndi ya kwa ajenti wa galimoto yanu, kapena ya makampani omwe amapangira mafakitale a magalimoto, monga Garrett, BorgWarner, IHI ndi Mitsubishi. Imalowa popanda kukakamiza, imabwera ndi waranti, ndipo mukaisamala mutha kugulitsa galimoto isanafe. Mtengo wake pa galimoto ya zaka khumi ndi zisanu umakufunsitsani ngati sikwabwino kungogulitsa galimotoyo. Esiteti ya tiyi kapena bungwe lomwe galimoto yake imayenda tsiku ndi tsiku, iyi ndiye njira yawo. Kwa ife a banki mkhonde, ndaitchula kuti tidziwe pomwe muyezo uli, basi. Kanthu kamodzi kokha n'koyenera kudziwa: turbo yomweyo ikabwera m'bokosi la wopanga wake, osati la kampani ya galimoto, nthawi zambiri imatsikako mtengo.

Yatsopano yokopera

Izi ndi zomwe zadzaza m'mashopu ambiri, zonyezimira, zambiri zochokera ku China. Si zonse zoipa, ndipo amene amati chilichonse cha ku China n'chachabe sanayang'ane pansi pa foni yake. Vuto ndi loti kunja zonse zimafanana. Chomwe chimasiyanitsa yabwino ndi yoipa chili m'kati: chitsulo cha kafani ka ku ekizozi komwe kamakhala pa moto wa madigiri mazanamazana, ndiponso ngati shafiti inayezedwa bwino kuti isamanjenjemere. Zimenezi simungazione pa kauntala. Dzina lolembedwa pa bokosi nalonso musalikhulupirire kwambiri, chifukwa bokosi ndi losavuta kusindikiza.

Mmene ndaonera, yokopera imapirira bwino pa injini zakale zosavuta, monga 4D56 ya L200, WL ya Ranger ndi BT-50 zakale, kapena 4JB1 ya Isuzu, zomwe turbo yake ilibe timapiko tosuntha kapena waya. Pa injini zoyendetsedwa ndi kompyuta nkhani imasintha. Timapiko tikapanda kutcheredwa mofanana ndi momwe kompyuta ikuyembekezera, galimoto imayatsa getsi pa dashibodi n'kudzichepetsera mphamvu yokha, mwina muli pakati pa chitunda cha ku Thekerani mutasenza. Kamota kobwera ndi yokoperayo ndiko kamayamba kuvuta. Ngati kanu kakale kali moyo, musakataye.

Mukasankha njira iyi, gulani kwa munthu amene ali ndi shopu yokhazikika, amene mudzam'peza chaka chamawa, ndipo alembe pa lisiti miyezi ya waranti. Akakana kulemba, wakuuzani kale chomwe akudziwa.

Yakale yochotsa pa galimoto ina

Iyi ndi njira yomwe ambirife timathamangira, chifukwa timakhulupirira kuti chakale chenicheni chimaposa chatsopano chabodza. Pamenepo pali choona. Turbo yochoka pa injini yomwe yangotsitsidwa kumene kuchokera ku Japan kapena Dubai, kapena pa galimoto yomwe inachita ngozi ikuyenda bwino, itha kukutumikirani zaka zambiri pa mtengo wotsika kwambiri. Koma msika wa masipeya akale uli ngati kaunjika: belo lomwelo muli jekete labwino ndi sanza, ndipo wodziwa kusankha ndi amene amapindula.

Chomwe chimachitika n'chakuti turbo zina zomwe mumauzidwa kuti "ex-Japan" zinachoka pa galimoto ya mnzanu wa ku Chitakale mwezi watha itayamba kusuta. Amaitsuka ndi petulo, kuipopera penti yasiliva, kuithira oyilo wokhuthala m'kati kuti shafiti isagwedere mukaigwira. Yanga yachiwiri ija ndinagula motero, pa benchi ina mu Blantyre. Inali yaukhondo kuposa mbale za kunyumba kwanga, ndipo ukhondo umenewo ndi umene unayenera kundichenjeza. Nditabwerera nayo, wogulitsa anati, "Madala, yachoka pano ili bho, mwaipha ndinu." Chopweteka n'choti theka la mawu akewo linali loona, ndipo sindikanatha kutsimikiza kuti theka linalo ndi bodza.

Ngati mwasankha yakale, pitani nokha, mutenge makaniko wanu ndi turbo yakufayo m'thumba. Yabwino kwambiri ndi yomwe muipeze ikadali pa injini, aichotse inu mukuona, chifukwa mutha kusuzumira pothirira oyilo n'kuona ngati injiniyo inkasamalidwa. Yang'anani mbali ya ekizozi: mwaye wouma ndi wabwino, koma ponyowa ndi oyilo ndiye kuti inkadontha. Yang'anani ming'alu pa chikombole chachitsulo, makamaka pafupi ndi kachitseko kotayira utsi wowonjezera (wastegate). Suzumirani pabowo lolowera oyilo ngati muli makala. Fanizani nambala ya pa kachitsulo komatidwa pa turbo. Za Toyota zimayamba ndi 17201, ndipo manambala otsatirawo ndi amene amasiyanitsa. Musangoti "ya 2KD", chifukwa 2KD ya Hiace ndi ya Hilux zili ndi turbo zosiyana, ndipo ngakhale pa Hilux pomwepo zakale ndi zam'mbuyo muno sizifanana. Kenako mugwirizane masiku oyesera, alembedwe. Safunsa anadya phula.

Dziwaninso kuti pa injini zina zomwe zimadziwika ndi kudya turbo, yakale yabwino imasowa, chifukwa aliyense akusaka yomweyo. Mukaipeza yotchipa modabwitsa, dabwani.

Katiriji: kusintha mtima wokha

Ndikanadziwa poyamba, ndikanayambira pano. Turbo ili ndi zigawo zitatu: chikombole cha mpweya, chikombole cha ekizozi, ndi chapakati chomwe muli shafiti, timafani tonse tiwiri, mabering'i ndi masilo. Chapakaticho ndi chomwe chimafa, ndipo chimagulitsidwa pachokha. Amakaniko amachitchula kuti katiriji, ena amati core kapena CHRA. Chimabwera chomangidwa kale ndi choyezedwa pa makina ku fakitale. Inu mumangomasula zikombole zanu zakale, kuzitsuka, n'kumangirira pa chatsopanocho.

Ubwino wake ndi wambiri. Mtengo ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi turbo yathunthu ya mtundu womwewo, kotero ndalama yomwe mukanagulira yokopera yosadziwika itha kukugulirani katiriji ya kampani yodziwika, monga Melett ya ku England. Zikombole, timapiko ndi kamota zimakhala zanu zomwe zija zomwe kompyuta ya galimoto inazolowera, ndiye za magetsi oyaka pa dashibodi zimachepa. Mabowo a mabawuti ndi mapaipi amakumana okha. Ndipo ndi kanthu kakang'ono kokwana m'chikwama, kotero m'bale amene akubwera pa basi kuchokera ku Joni kudzera pa Mwanza atha kukutengerani, bola mum'tumizire chithunzi cha nambala pa WhatsApp, osati kungomuuza dzina la galimoto. Msonkho wa pachipata muuwerengeretu.

Koma njira iyi ili ndi malire ake. Ngati kafani kanasweka n'kukala chikombole m'kati, mpata umakula ndipo turbo siidzakankhanso mpweya wokwanira ngakhale katiriji ikhale yatsopano. Ngati chikombole cha ekizozi chang'ambika, kuwotcherera sikukhalitsa. Ngati timapiko tosuntha tapindika kapena tadyeka, pafunika tatsopano, ndipo mtengo umayamba kuyandikira wa yathunthu. N'chifukwa chake muyenera kumasula yakufayo kaye musanaitanitse kanthu. Makatiriji okopera achabechabe nawonso alipo, choncho funsani ngati m'bokosi muli pepala losonyeza kuti inayezedwa.

Chinanso ndi dzanja la womanga. Ntchitoyi si yovuta, koma imafuna munthu wodekha: aike zizindikiro pa zikombole asanamasule kuti zidzabwerere momwe zinalili, anyowetse mabawuti a ku ekizozi usiku wonse m'malo mowathyola, ndipo asagunditse mapiko polowetsa. Akhale ndi tebulo laukhondo. Kamchenga kamodzi kolowa pabowo la oyilo n'kokwanira. Bambo wa ku Bvumbwe uja anayala nyuzipepala patebulo, anathamangitsa anyamata ake onse, n'kugwira yekha kwa theka la tsiku. Papita nyengo ziwiri za mapeyala, galimoto sinasutenso.

Kiti ya mabering'i ndi masilo

Iyi ndiye yotchipitsitsa: kapaketi ka mabering'i ndi masilo, makaniko n'kumasula shafiti yonse n'kumanganso. Imathandiza pokhapokha mwaigwira msanga, shafiti isanakalike ndipo mapiko asanakhudze paliponse. Vuto ndi kuyeza. Chinthu chozungulira mothamanga chonchi chikalemera mbali imodzi ngakhale pang'ono chabe, chimadya mabering'i atsopanowo m'masiku ochepa. Pansi pa mtengo wa mango palibe makina oyezera. Pa galimoto yomwe imadyetsa ana, ine sindingayese.

Zimasiyana ndi kupititsa turbo kwa akatswiri okonza ma turbo okhaokha. Kaya ndi mu Blantyre kaya ku Joni, funso ndi limodzi: "Makina oyezera muli nawo? Ndingaone?" Ngati alipo ndipo akupatsani pepala la zotsatira ndi waranti, imeneyo ndi njira yabwino, makamaka pa turbo yosowa yomwe katiriji yake siipezeka. Muwerengere masabata omwe galimoto ikhale pa mawe osabweretsa kanthu.

Kuichotseratu, kapena kusintha injini

Pamakhala munthu pa siteji amene amati, "Ingochotsani, iziyenda choncho." Musamvere. Injini yopangidwira turbo inapangidwa kuti izilandira mpweya wokankhidwa, ndipo pampu kapena kompyuta yake imathira dizilo moyembekezera mpweya umenewo. Mukaichotsa mutsala ndi galimoto yofooka, yosuta utsi wakuda, yomwa dizilo ndi yotentha. M'chigwa mwina mungakwawe nayo. Kuno kwathu, komwe msewu uliwonse ukapanda kukwera ndiye kuti ukutsika, ayi.

Kuika injini ina yopanda turbo, monga 5L ya Toyota kapena TD27 ya Nissan, ndi nkhani ina, ndipo eni maminibasi ena amachitadi chifukwa injini zimenezi makaniko aliyense kuyambira pa Goliati mpaka pa Muloza amazidziwa. Koma imeneyo si njira yopulumutsira ndalama lero. Mugula injini, musintha mawaya ndi zomangira, mukasinthitsa nambala ya injini ku Road Traffic, ndipo galimoto itsika mtengo podzagulitsa. Imamveka pokhapokha injini yanu nayonso yatha.

Ndiye ine ndingasankhe bwanji

Zikombole zikakhala zabwino, katiriji ya kampani yodziwika. Zikombole zikawonongeka ndipo injini ndi yakale yopanda kompyuta, yokopera ya m'shopu yokhala ndi waranti yolembedwa. Zikombole zikawonongeka pa injini ya kompyuta, ndingasake yakale yeniyeni yochotsedwa ine ndikuona, ndipo ndalama ikalola ndingaiike katiriji yatsopano isanakwere pa galimoto, chifukwa chomwe ndikugula pamenepo kwenikweni ndi zikombole ndi kamota. Za katapila musaziganize. Kuli bwino galimoto igone mwezi mukusonkhanitsa kusiyana ndi kubweza kawiri ndalama ya chinthu chomwe simunatsimikize.

Pa bajeti yanu siyani gawo la zinthu izi, ngakhale zitanthauze kutsika pa turbo yomwe mumaifuna. Oyilo watsopano wa mlingo wolembedwa m'buku la galimoto, wogula pamalo odalirika, osati wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu. Filita ya oyilo ndi ya mpweya. Kapaipi kobweretsa oyilo kasinthidwe, kapena katsukidwe mpaka kuwala kuoneke, pamodzi ndi bawuti yake yabowo. Magasiketi atsopano, ndipo silikoni asayandikire mabowo a oyilo, chifukwa akauma amaduka n'kukatseka njira. Intercooler ndi mapaipi ake zitsike, zitsukidwe, ziume, popeza mumakhala oyilo ndi tizidutswa ta kafani kakale tomwe tikudikira kulowa mu injini. Sampu itsike, kasefa kaoneke. Pa D-4D mawashala a mainjekita asinthidwe.

Pomanga, makaniko athire oyilo pabowo la turbo n'kuzunguza shafiti ndi chala, kenako apukuse injini osailola kulira mpaka getsi la oyilo lizime, ndiye ailize, ikhale ikulira payokha kwa mphindi zingapo osaponda. Anyamata a m'galaja amakonda kuponda mafuta kuti amve mluzu wa turbo yatsopano. Muwaletse, ndalama ndi yanu. Ine ndinasinthanso oyilo nditangoyenda makilomita 1,000, kuti zotsalira zonse zituluke.

Masiku ano ndikafika pa msika wa Limbe m'mamawa, nditakwera zitunda zonse kuchokera kwathu ndi katundu wodzaza, sindizimitsa nthawi yomweyo. Ndimakhala m'galimoto mphindi imodzi kapena ziwiri injini ikulira pang'onopang'ono. Anyamata otsitsa katundu amagogoda pa windo n'kumati, "Madala, zimitsani, dizilo wadula!" Ine ndimangowauza kuti ayambe kumasula zingwe.